Tigulitse malo onse pamodzi kapena tidule mapuloti?

Zikomo alangizi,

Ndine mphunzitsi ku Nkhamenya. Makolo athu onse anamwalira ndipo anatisiyira nyumba pa boma la Kasungu, chapafupi ndi msewu wa M1. Nyumbayo ndi yakale, malata anachita dzimbiri, koma ili pa malo aakulu, pafupifupi maekala awiri. Madzi a Central Region Water Board ndi magetsi a ESCOM zinafika kale.

Tilipo ana anayi ndipo zogulitsa tinagwirizana, poti ndalama ya lendi ikungothera kukonzetsa zowonongeka. Tasemphana pa kagulitsidwe.

Kwabwera mkulu wina wolima fodya amene akufuna malo onse, ndalama pompopompo. Iye sakubisa kuti nyumbayo alibe nayo ntchito, cholinga chake ndi kudula mapuloti n'kugulitsa. Achimwene athu aakulu akuti tilandire, aliyense atenge gawo lake nkhani ithe. Ine mtima ukukana. Ngati mlendo waona kuti phindu lili pa malowo, ife eni ake tikulephera chiyani kudula tokha mapuloti anayi, nyumba n'kutsala pa puloti yakeyake? Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndimaopa kusunga ndalama kuposa kusunga malo.

Vuto ndi loti kudula si kungokoka chingwe n'kukhoma zikhomo. Malowa ali pa lizi ya zaka 99 ndipo ikadali m'dzina la bambo, omwe sanasiye wilo. Ndauzidwa kuti potsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011 tiyenera kutenga kaye kukhoti makalata opatsa mmodzi wa ife mphamvu yoyendetsa chumachi. Tikatero pulani ya kagawidwe ivomerezedwe ndi akhonsolo, oyeza malo adzaike mabikoni, puloti iliyonse ikhale ndi njira yolowera, kenako unduna wa za malo uvomereze kusintha umwini. Palinso msonkho wa malo womwe unasiya kulipidwa bambo atangodwala. Zonsezi zikufuna ndalama, ndipo achimwene anena kale kuti sasonkhako ngakhale tambala.

Wogula uja akuti tisavutike, tingosainirana pamaso pa mboni, mapepala adzathamangitsa yekha. Kodi zimenezi n'zotheka lizi ili m'dzina la womwalira? Nanga mng'ono wathu amene ali ku Joni, tingagulitse iye asanasaine? Ndikumvanso kuti madobadoba ayamba kale kuonetsa anthu malowa ngati awo, pomwe ife sitinatume munthu.

Ndithandizeni alangizi. Ndikongole ndalama kuti tidule tokha, ngakhale zitenge nthawi, kapena ndigonjere achimwene? Ndipo ngati tingadule, ndi bwino kuyamba kugulitsa nyumba kuti ndalama yake ilipirire zotsalazo, kapena lamulo silitilola kugulitsa chilichonse mabikoni asanaikidwe? Sindikufuna kuti malo a bambo atidanitse pachibale, komanso sindikufuna tiwataye motchipa chifukwa cha phuma.

Ine wothedwa nzeru,
Nkhamenya, Kasungu.