Ndalama ya fetereza ija inapita kuti?

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, ine chifuwa chija chinachepa ndabwerera kuntchito kuno ku Burgersfort, ku South Africa. Talandira dzulo, ndatumiza R2500 pa Mukuru, mukatenge mawa lomwe ndipo mupite nokha osatuma munthu.

Koma ndamva zondipweteka mtima, akuti ya mwezi watha ija ya fetereza achimwene anakaipereka kwa mneneri wangoyamba tchalitchi kumsika uja, ati kubzala mbewu. Zoona zimenezi? Ine kuno ndikugona m'kachisakasa ka malata, kudya kamodzi patsiku kuti inu mukolole!

Musaganize kuti ndikunyoza matchalitchi oyambitsa anthu akuda ayi. Mnzanga wogona naye chipinda ndi Mpedi (wa mtundu wa Bapedi), wa mpingo wa ZCC (Zion Christian Church), baji ya nyenyezi sichoka pachifuwa, mowa ayi fodya ayi nkhumba sadya. Nditadwala ndi iyeyo amadzuka usiku kundiphikira tiyi wawo wopemphereredwa uja ndipo sanapemphe ngakhale senti. Ndi amene amandifotokozera kuti kuno kunali amishonale a ku Berlin, mfumu Sekhukhune itathamangitsa akhristu mmishonale Merensky anathawa nawo nkukamanga mishoni ya Botshabelo mu 1865, koma azunguwo amafuna chilichonse chidzere kwa iwo, mitala ati chikunja, kuvinidwa ati chikunja, mpaka mu 1890 Martinus Sewushane ndi anzake anatopa nkuyambitsa Bapedi Lutheran Church, mzungu mmodzi Johannes Winter anatuluka nawo. Naye Engenas Lekganyane woyambitsa ZCC anadutsa m'manja mwa amishonale a ku Scotland, mpingo womwe uja unabweretsa Livingstonia kwathu, iye anaona kuti anthu ake akudwala akufuna wowasanjika manja, osati katekisimu yekha. Pasaka yapitayi ndinaona ndi maso anga mabasi opita ku Moria, kulikulu la ZCC, ali ndondondo mumsewu, azibambo ovala khaki akuponda pansi fumbi kobo, ndinakumbuka kwaya yathu misozi inalengeza.

Nanga wakumsikayo wachiritsa ndani? Achimwene muwauze abweze, akakana muitane amalume akhale pansi. Matumba awiri a Urea mugule sabata ino, lisiti mundijambulire pa WhatsApp. Yotsalayo fizi ya mwana wamkulu, mbuzi ija osagulitsa. Amayi muwagulire shuga ndi sopo.

Ndine bambo a ana.