Tiyambe kuyenda m'mbali mwa Mudi monga amachitira pa Clyde

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Glasgow, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, koma kwathu ndi ku Ndirande. Ndiloleni ndiuzeko anzanga a ku Blantyre za ulendo umene gulu lathu la oyenda pansi linali nawo kumapeto kwa Ogasiti, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mpaka ku Blantyre wa kuno ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813.

Gululi ndi la anthu wamba, ambiri opuma pa ntchito, ena a zaka zopitirira 70. Mmodzi amatsogolera, wina amakhala kumbuyo kwenikweni kuti woyenda pang'onopang'ono asatsale yekha. Tinatsika sitima pa Newton n'kulowa njira ya Clyde Walkway, yomwe ndi yotalika pafupifupi makilomita 65 kuchokera mu Glasgow kukafika ku New Lanark. Ife tinangoyenda kachigawo chabe. Kuno lamulo la mu 2003 limalola munthu kudutsa pamalo ambiri ngakhale ali a eni ake, bola asaponde mbewu, asiye geti momwe walipezera, agwire galu wake pafupi ndi ziweto, ndipo zinyalala abwerere nazo kunyumba.

Nyengo yotentha inali ikutha. Mabulosi akutchire anali atapsa bii m'mbali mwa njira, ndipo aliyense zala zinafiira. Mayi wina wachikulire anandionetsa chitsamba cha maluwa apinki chotchedwa Himalayan balsam. Ukangokhudza kachibalobalo kake kamaphulika, njere n'kumwazikira kutali. Ine ndinkati n'chokongola, koma iwo anati n'chobwera, chimapha zomera za m'mbali mwa mtsinje, ndipo chikauma m'nyengo yozizira gombe limatsala lambee, madzi n'kumalikokolola. Anthu ongodzipereka amachizula chisanabale njere.

Titadutsa Uddingston tinalowa m'nkhalango, kenako tinatulukira pa Bothwell Castle, linga la miyala yofiira la m'zaka za m'ma 1200. Tinakhala pa kapinga, aliyense n'kutulutsa fulasiki ya tiyi ndi buledi wake. Apa m'pamene bambo wina yemwe anakulira m'derali anandiuza kuti ali mwana, makolo ankawaletsa ngakhale kuviika phazi mu Clyde chifukwa cha zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi. Nsomba za salmon zinasowa mu mtsinjewu kwa zaka zoposa 100, ndipo zinayamba kubwerera m'zaka za m'ma 1980. Lero anthu akuwedza, abakha akusambira ndi ana awo.

A Mkonzi, ine mtima unandipweteka, chifukwa ndinakumbuka Mudi. Aliyense wodutsa pa mlatho wa pafupi ndi msika wa Blantyre amadziwa fungo lake. Madzi akuda, majumbo ali mbwee, mabotolo atatsekereza pansi pa milatho. Nasolo wathu wa ku Ndirande naye chimodzimodzi. Tinazolowera kungotseka mphuno n'kufulumiza mwendo, ngati kuti mtsinje wa mumzinda umayenera kukhala choncho.

Sindikunena kuti oyenda pansi ndiwo anayeretsa Clyde. Panafunika malamulo, malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, komanso mafakitale ambiri anatsekedwa. Koma chimene ndaona n'chakuti pano mtsinjewu uli ndi anthu ouyang'ana tsiku lililonse. Paipi ikayamba kutulutsa zoipa, woyenda ndi galu m'mawa amaona n'kuimba foni. Pa ulendo wathu awiri ananyamula matumba, ndipo pofika pa mlatho wa oyenda pansi wowolokera ku Blantyre anali atadzaza zitini ndi mabotolo, popanda wowatuma.

Tinamalizira pa Shuttle Row, nyumba yomwe banja la Livingstone linkakhala m'chipinda chimodzi, pafupi ndi pomwe panali fakitale ya thonje imene iye anayamba kugwiramo ntchito ali ndi zaka 10. Anzanga anandifunsa ngati mzinda wathu, umene unatenga dzina la mudziwu mu 1876, uli ndi mtsinje wake. Ndinati ulipo, ndipo ndikufuna tsiku lina ndidzathe kuwayendetsa m'mbali mwake.

Pempho langa likupita kwa amayi a Mvano, achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi aphunzitsi: sankhani kachigawo ka Mudi kapena Nasolo, muzikayenda limodzi Loweruka m'mawa mvula isanayambe, muzilemba pamene zoipa zikulowera. Akuluakulu a mzinda asiye mpata wa kanjira ndi mitengo m'mbali mwa madzi, asagawe mapuloti mpaka pagombe. Nanunso a Mkonzi, tumizani mtolankhani ndi wojambula ayende wapansi kuchokera ku damu la Mudi mpaka kumsika, atilembere zimene apeze.

Wowerenga wanu,
Glasgow, Scotland