Dandaulo kwa eni sitolo amene anandigulitsa fyuzi ya amplifaya

Kwa inu eni sitolo ya zipangizo zomverera nyimbo kuno ku Johannesburg, ndasankha kulemba poyera chifukwa makalata awiri amene ndinakutumizirani simunawayankhe.

Miyezi itatu yapitayo wantchito wanu anandilangiza kuti ndichotse fyuzi imene inabwera ndi amplifaya yanga (chipangizo chokweza mawu a nyimbo) n'kuikamo ina ya nsonga zokutidwa ndi golide, ponena kuti nyimbo zizimveka bwino koposa. Ndinalipira R2,800 pa kanthu kotalika mamilimita 20 okha, pamene fyuzi wamba ya T2A (ya ma ampu awiri a magetsi), ya kampani ya Littelfuse kapena Schurter, mtengo wake sufika n'komwe pa R50. Za mtengowo ndinavomera ndekha, palibe anandikakamiza.

Patangotha masabata asanu, fyuziyo inapsa madzulo ena pamene ndinkayatsa amplifaya. Ndinabwezeramo yakale ija, imene ndinaisunga m'kabokosi ka machesi, ndipo ikugwira ntchito mpaka lero, zimene zikusonyeza kuti amplifayayo ilibe vuto lililonse. Thiransifoma yozungulira ngati imene ili m'kati mwake imakoka magetsi ambiri m'kamphindi koyamba mukangoyatsa, ndipo chilembo T chimatanthauza kuti fyuzi iyenera kupirira kamphindi kameneko osapsa. Yanuyo inalembedwa T2A, koma inalephera.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi yankho lanu la pa foni. Munandiuza kuti fyuzi ikapsa sibwezedwa, choncho ndigule ina pa mtengo womwewo, koma ulendo uno nditenge ya T3.15A, yolola magetsi ambiri kudutsa, kuti isapsenso. Bwana, fyuzi imaikidwa kuti ipse yokha thiransifoma isanapse kapena moto usanabuke m'nyumba, ndipo amene anapanga amplifaya yanga analemba T2A kumbuyo kwake akudziwa chifukwa chake. Kulangiza kasitomala kuti akweze nambala pofuna kupulumutsa fyuzi yodula n'kuika pachiswe chipangizo chonse, komanso ana anga amene amagona chipinda choyandikana nacho. Ndayang'ana kabokosi ka fyuzi yanuyo mbali zonse, ndipo palibe pamene palembedwa kuti fyuziyi inayesedwa motsatira muyezo wa chitetezo wa IEC 60127 kapena wa UL.

Ndime 56 ya lamulo loteteza ogula la 2008 la dziko lino imapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wopanda ubwino woyenera, ndipo wosankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogulayo. Ine ndasankha ndalama zanga. Ndikupemphanso kuti mundionetse pepala la wopanga fyuziyi losonyeza nthawi imene imatenga kuti ipse, ndiponso kuti antchito anu asiye kuuza anthu kuti akweze nambala. Risiti ndi fyuzi yopsayo ndili nazo, ndipo ngati sindimva kanthu pofika Lachisanu, ndikatula nkhaniyi ku National Consumer Commission, bungwe la boma loona madandaulo a ogula.