Lipoti la ulendo wa ku Kottayam pa za maphunziro a Chisiriyaki

Kwa a Tcheyamani ndi aphunzitsi anzanga a mbiri ya mpingo,

Munandituma ku msonkhano wa akatswiri a Chisiriyaki ku SEERI, dzina lake lonse St. Ephrem Ecumenical Research Institute, mumzinda wa Kottayam ku Kerala, India, kuti ndikaone ngati n'koyenera kutumizako mmodzi wa ife kukachita digiri ya masitazi. Ndabwerako, ndipo maganizo anga ndi akuti timutumize, koma atakonzeka.

SEERI inayamba mu 1985, ndipo madigiri ake amachokera ku Mahatma Gandhi University. Chisiriyaki ndi nthambi ya Chiaramu yomwe inakulira ku Edessa, mzinda umene lero ndi Şanlıurfa ku Turkey. Chili ndi zilembo 22 zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma kalembedwe kake n'ka mitundu itatu: Estrangela, Serto ndi ka Kummawa. Wofuna kuwerenga mabuku akale sangathawe umodzi mwa itatuyi. Apa ndi pamene pandidetsa nkhawa. Munthu akapita asanagwirepo galamala, miyezi yoyamba idzathera pa zilembo pamene anzake akuwerenga kale Peshitta, Baibulo la Chisiriyaki, ndi nyimbo za Ephrem, amene anamwalira mu 373.

Ku Oxford kulinso masitazi a Chisiriyaki, komabe ine mtima wanga uli ku Kottayam. Ndalama ndi chifukwa chimodzi. Chachikulu n'chakuti Akhristu a Mtumwi Tomasi kumeneko, amene amati mpingo wawo unayambitsidwa ndi mtumwiyo, amaimbabe chilankhulochi pa Qurbana, mwambo wawo wa Mgonero, moti wophunzira amachimva ndi khutu, osati kungochiona papepala. Nkhani yowawa ya sinodi ya ku Diamper, ku Kerala komweko, ya 1599, imene inalamula kuti mabuku ena a Chisiriyaki akonzedwe ndipo ena atenthedwe, amaikamba ngati ya dzulodzuloli.

Tikunena zoona, silabasi yathu imachoka ku Yerusalemu, n'kudzera ku Roma ndi ku Ulaya, kenako n'kufika kuno ndi amishonale, basi. Nanga mwala wa ku Xi'an wa mu 781, wolembedwa m'Chitchaina ndi Chisiriyaki, wonena kuti mmishonale wachikhristu Alopen anafika ku China mu 635, ophunzira athu anaumvapo? Africa nayenso ali m'nkhaniyi. Buku lolembedwa pamanja ku Edessa mu 411, lomwe lero lili ku British Library, linasungidwa zaka mazanamazana kunyumba ya amonke ya Deir al-Surian m'chipululu cha Egypt.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wotsatira isankhe munthu wodziwa kale Chiheberi, poti zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, ndipo timupatse chaka chathunthu choyeserera galamala asanalembere malo. Za fizi ndi malo ogona ndakambirana ndi asungichuma, adzafotokoza okha.

Ine wanu,
Nthumwi yanu