Tembenuzani patapata musanaode katoni

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhuleko za patapata, inde masilipasi apulasitiki omwe timaponda tonsewa, chifukwa anthu ooda katunduyu kunja amangodandaula kuti a kasitomu awatchaja msonkho wosiyana ndi wa mnzawo pomwe katundu ndi yemweyo, ena mpaka kumati pali katangale. Mwina penapake amakhalapodi, koma nthawi zambiri nkhani imagona pa nambala yomwe yalembedwa pa fomu.

Katundu yense wodutsa pachipata amapatsidwa nambala yochokera mu buku lotchedwa Harmonized System, la bungwe la World Customs Organization lomwe likulu lake lili ku Brussels. Linayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo mayiko oposa 200 amatsatira lomweli. Manambala sikisi oyambirira ndi ofanana kulikonse, kenako dziko lililonse limaonjezera ake kumapeto nkuika peresenti yake ya dyute. Nsapato zili mu chaputala 64.

Nde tengani patapata muitembenuze. Mukaona timitu titatu tozungulira kunsi kwake, ndiye kuti malamba aja anangolowetsedwa mmabowo nkukola ndi timitu timeneti, imeneyo ili ndi mzere wakewake, 6402.20. Koma malamba akakhala omata ndi guluu kapena osoka, kapena nsapato yonse inaumbidwa kamodzi mchikombole popanda cholumikiza, 6402.20 iiwaleni, imapita ku 6402.99 komwe kumagwera zotsala zonse. Kuphazi zimaoneka chimodzimodzi, wovala sangadziwe nkomwe, koma ku America mwachitsanzo buku lawo limati 6402.20 ilibe dyute pomwe mizere ina ya mu 6402.99 imafika 37.5 peresenti. Timitu titatu tokha basi!

Malamba nawo amawayang'ana kuti ndi a chani. Akakhala ansalu pa soli ya labala kapena pulasitiki nde yasamuka kale kupita ku 6404, achikopa ndi 6403. Akasakaniza zinthu amaona chomwe chatenga malo aakulu kunja kwa malambawo, ndipo timaluwa, timikanda ndi zokongoletsa zina zongomata pamwamba saziwerengera posankha pakati pa manambala amenewa. Ena amafuna kukankhira ku 6401 poti eti pulasitiki salowa madzi, ayi ndithu, kumeneko nkwa majombo ndi zina zoteteza phazi kuti lisanyowe, nanga patapata phazi lonse lili pamtunda iteteza chani?

Chomwe chimandiwawa ine nchoti invoisi imabwera itangolembedwa timawu tiwiri, masilipasi makatoni akutiakuti, ejenti wotulutsa katundu ku kasitomu naye pothamangira makasitomala ena amangokopera nambala ya ulendo watha osapempha ngakhale sampulo, ofisala akatsegula katoni nkupeza malamba ansalu katundu uja amagwidwa, chindapusa pamwamba, ndalama yosungira ikuwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo wolira ndi mwini katundu yemwe palibe anamuuzapo kuti kuli 6402 ndi 6404. Chonsecho wogulitsa kufakitale mutamuuza atha kulemba bwinobwino kuti soli ndi ya chani, malamba ndi a chani, analumikiza bwanji. Sizilira ndalama zimenezo, nkungolemba meseji imodzi musanalipire.

A kasitomu nawonso asamangodikira kugwira anthu pachipata. Pangano la World Trade Organization lofewetsa malonda, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, limati wamalonda azitha kufunsiratu nambala katundu asananyamuke nkuyankhidwa molemba, ndipo ofesi yomwe yayankhayo iyenera kutsatira zomwe yalembazo katundu akafika. Ndi angati ooda masilipasi amene anamvapo zimenezi? Akonzi, tumani mtolankhani wanu akafunse kuti pempho lotere limaperekedwa pati, yankho limatenga masiku angati, mutilembere m'Chichewa chomveka, muikepo ndi chithunzi cha patapata yotembenuza timitu tija tikuoneka.

Ndine wowerenga wanu,
Wamalonda a nsapato