Za nyumba ya ku Joni ija

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Durban konko ndi alamu ndi ana. Kuno ku Nchalo dzuwa lake mukulidziwa, tikugona panja pamphasa, udzudzu ndiye osanena. Mayi ali bwino, mwendo uja ndi umene ukuwavutabe.

Munandifunsa pa WhatsApp kuti nyumba yanga ya ku Cosmo City, ku Joni, zinatha bwanji, poti nanunso mukuti mubwerere kumudzi yanuyo muisiye ndi matenanti muzagulitse muli kuno. Yagulidwa, ndalama zalowa mwezi wathawu, koma ndaonda nayo nkhani imeneyi achimwene, miyezi 11 yathunthu, ndiye ine ndikuti gulitsani muli konko musanakwere basi.

Paja ndinabwera 2023 Freddy atagwetsa nyumba ya mayi ku East Bank, ndimayesa ndikhala miyezi itatu basi. Makiyi ndinasiyira msuweni wathu uja iye nkulowetsamo banja lina. Lendi imabwera poyamba kenako zii, madzi ndi ma rates, msonkho wa khonsolo uja, osalipira, ngongole kumangokwera ine ndili pano kuumba njerwa osadziwa kanthu. Kumeneko nyumba singasinthe dzina ku Deeds Office popanda pepala la khonsolo losonyeza kuti mulibe ngongole, ndiye ndinachita kugulitsa ng'ombe ziwiri, zija bambo anatisiyira, mpaka lero ndikadutsa pakhola mtima umandiwawa. Anthu aja kutuluka amakana, ndipo loya anandiuza kuti lamulo la ku South Africa la 1998 sililola kutulutsa munthu popanda khoti ngakhale nyumba ndi yako. Mapeto ake ndinawapatsa ine ndalama ya dipoziti kuti akapeze kwina.

Nkhani ya kusaina ndi imene inandiliza. Loya wosintha dzina uja, conveyancer, anatumiza mapepala pa imelo kuphatikizapo power of attorney, pepala lomupatsa mphamvu yosintha dzina m'malo mwanga, ine nkukapulinta pa trading pompa, kusaina ndi mboni ziwiri, kutumiza. Anabweza onse, akuti zosainidwa kunja kwa South Africa zimafuna chidindo chovomerezeka. Ndinanyamuka 4 koloko m'mawa pa minibasi, pa Thabwa kukuyera, kukwera mapiri aja mpaka Blantyre, kenako basi ya ku Lilongwe kukasaina ku ofesi ya kazembe wawo. Envulopu ndinaikulunga mujumbo nkuibisa mkati mwa malaya, pofika jumboyo inali itanyowa thukuta koma mapepala ali bwinobwino, ndipo ndinasaina dzanja likunjenjemera kuopa kulakwitsa kuti ndingabwerenso ulendo wina.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya. Satifiketi ya magetsi amalipira wogulitsa, kwanga anapeza mawaya a giza atapsa. Agent nayenso amadula komishoni yake. Ngati bond, ngongole ya nyumba ya kubanki ija, sinathe banki imafuna muidziwitse masiku 90 musanaitseke, apo ayi pali chilango. SIM yanga ya ku Joni inali itafa kalekale moti ma OTP a banki samafika, ndinakhala milungu itatu ndalama ndikuidziwa kuti ilimo koma osaikhudza, ndiye yanuyo muziisamala ngati mwana.

Pa msonkho mvetsetsani bwino chifukwa yanu ndi yaikulu kuposa yanga. Wogulitsa akakhala kuti sakhalanso mu South Africa ndipo mtengo wapitirira R2 miliyoni, amayamba adula 7.5% pa mtengo wonsewo nkupereka ku SARS, bungwe lawo la msonkho, osati pa phindu lokha ayi, zotsala mumazawerengerana pambuyo. Yanga sinafike pamenepo ndiye ndinapulumuka, koma inu pa R2.4 miliyoni munanena ija ndi R180,000 yoyamba yagwidwa inu mukuifuna kuno. Tax number yanu, mapesilipi, permit, malisiti a zimene munakonzetsa panyumbapo sungani zonse mufayilo imodzi, a banki potumiza ndalama kunja amafunsa kuti nyumbayo munaigula ndi ndalama zochokera kuti.

Msuweni uja sitikuyankhulanabe, pamaliro ku Bangula anandipatsa moni ndinangoyankha ndi mutu. Puloti ija ya kufupi ndi msewu wa ku Ngabu ikadalipo, ndi pokwera madzi safikapo, mukafuna ndikalankhule ndi amfumu sabata ino ndiuzeni. Mupereke moni kwa alamu, mayi akuti musaiwale mankhwala opaka a mwendo aja pobwera December.

Ndine mng'ono wanu,
ku Nchalo