Kuthokoza chifukwa cha thandizo pa makina athu a backup

Kwa a Manijala,
Nthambi Yothandiza Makasitomala

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuthokoza kampani yanu, makamaka mayi amene munatitumizira sabata yatha, makina athu a backup (osunga makope a deta yathu) atasiya kulumikizana ndi vCenter, pulogalamu yoyang'anira maseva athu.

Vutoli linayamba magetsi atathima usiku wonse mpaka mabatire a UPS kutheratu. Atayakanso, zonse zinkaoneka bwino. Maseva anadzuka, ping (uthenga waung'ono woyesa ngati makina akulumikizana) inkayankha, port (khomo lolumikizirana) 443 ya vCenter ndi 902 ya ESXi (pulogalamu yoyendetsa masevawo) zinali zotsegula. Koma backup iliyonse inkangoima pa 0% mpaka kulephera. Ndinavutika nazo ndekha masiku atatu. Ndinafufuza DNS (yosandutsa maina a makina kukhala ma adiresi), ndinayerekeza nthawi pa makina onse, ndinasintha pasiwedi, ndipo ndivomere, ndinaineneza firewall (mpanda woteteza netiweki) yosalakwa kwa abwana anga.

Mayiwa atafika sanafulumire kugwira chilichonse. Anandifunsa kaye zimene tinasintha magetsi asanathime. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti miyezi iwiri yapitayo tinakweza MTU (malire a kukula kwa phukusi limodzi la deta lodutsa pa netiweki) kufika pa ma byte 9000 kuti backup izithamanga. Ali pa ESXi analemba vmkping -d -s 8972 (lamulo lotumiza phukusi lalikulu loyesera) kulunjika ku makina a backup, yankho osabwera. Atatsitsa kufika pa 1472, linabwera nthawi yomweyo. Switch (bokosi lolumikiza makina pa netiweki) inali itabwerera pa MTU ya 1500, chifukwa amene anaikonza tsiku lija, ndikunena ineyo, anaiwala kusunga zimene anasinthazo. Zinali ngati mlatho wamitengo: njinga zinkawoloka, ine n'kumati msewu uli bwino, pamene lole yonyamula katundu yaima kutsidya.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'choti sanandichititse manyazi pamaso pa anzanga. Anandisiya ndikonze switch ndi manja anga, ndisunge, kenako anandifotokozera chifukwa chake timayesa ndi 8972 osati 9000: ma byte 28 amatengedwa ndi header (mutu wa phukusi) ya IP ndi ya ICMP, malamulo otumizira uthengawo. Ine ndinkati ntchito yatha backup itafika pa 100%, koma iwo anakana kunyamuka mpaka titayesa kubwezeretsa seva imodzi, ya malipiro a antchito, n'kuiona ikuyaka. Kunja kunali kutada kale.

Chonde muwafikitsire kuthokoza kwathu, ndipo kalatayi ilowe mufayilo yawo. Mwezi wamawa tikusintha switch yomweyi. Ngati n'kotheka, mudzatitumizire iwo omwewo.

Ine wanu,
Woyang'anira makompyuta